Kachilonda kosapweteka: momwe mungazindikirire scrub typhus labu isanayankhe

Mayi amene anandiphunzitsa matenda a scrub typhus anali mlimi wa zaka za m'ma 40, ndipo anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga. Ndinali nditangotha miyezi inayi pachipatala china ku Tamil Nadu, kummwera kwa India, kumene ndinapita kukawonjezera maphunziro a udokotala. Unali mwezi wa Novembala. Kumeneko imeneyo ndiyo nthawi ya mvula, ndipo wodi inali itadzaza tho ndi anthu otentha thupi.

Anabwera atatentha thupi masiku 8, mutu ukuwang'amba, maso ali psuu, akutsokomola kachifuwa kouma. Ine mwana wa ku Malawi, maganizo anathamangira ku malungo. Kuyeza magazi kawiri konse, malungo mulibe. Dengue, matenda ena otenthetsa thupi obwera ndi udzudzu, mulibe. Ndiye ndinati ameneyu ndi taifodi, n'kulemba ceftriaxone. Kuyeza ndinawayeza, sindikana, koma ndinawayeza mwa pa OPD pamene mzere wafika kumsewu: stethoscope pamwamba pa bulauzi, dzanja pamimba pomwe sari, nsalu imene amayi a kumeneko amavala, yasiya mpata, basi ndatha. Patapita masiku awiri anayamba kubanika, mpweya m'magazi utatsika kufika pa 88 pa 100. Namwino wamkulu wa wodiyo, mayi wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, anakoka makatani n'kundisiya kunja. Sipanathe mphindi zitatu, anandiitana. Anali atanyamula bere lakumanzere la mayiwo, kudzanja linalo kuli tochi ya foni. Pamene bere limagona pachifuwa panali kachilonda kakang'ono ngati nyemba, kokhala ndi nkhanambo yakuda bii, m'mbali mwake mofiirira. Pankaoneka ngati munthu wazimitsirapo ndudu.

"Dokotala, apa munayang'anapo?"

Sanawonjezere mawu ena, ndipo ine ndinalibe choyankha. Tinayamba doxycycline usiku womwewo. Mayiwo anakhala masiku anayi pa oxygen asanayambe kupuma bwino okha.

Ndikulembera anzanga a zachipatala, madokotala, ma clinical officer, anamwino ndi ophunzira, makamaka inu amene mukupita ku Asia kusukulu kapena kuntchito, komanso inu amene tsiku lina mudzalandira munthu wochokera kumeneko atatentha thupi. Anthu athu masiku ano amapita ku India kukalandira chithandizo, kuperekeza odwala kapena kukaphunzira, ena ku China ndi ku Thailand pa malonda.

Dziwani kaye choluma

Matendawa amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Orientia tsutsugamushi. Dzina lachiwirilo ndi la Chijapani: tsutsuga ndi matenda, mushi ndi kachilombo. Kale ankamuika m'gulu la Rickettsia, mpaka mu 1995 pamene anamupatsa gulu lakelake. Amene amamubweretsa kwa munthu ndi mwana wa kachilombo kakang'ono kwambiri ka m'tchire, kamene Achingerezi amati chigger. Chonde musasokoneze ndi matekenya athu, ngakhale maina ake achingerezi akumveka ngati amodzi. Tekenya limaboola khungu n'kukhala momwemo. Aka sikalowa m'khungu, ndiponso sikafika ngakhale theka la milimita, mwakuti kukaona ndi maso n'kwapatali. Kamadikira pansi kapena pamaudzu, nthawi zambiri kamaluma makoswe ndi mbewa, koma munthu akadutsa kamamukwera. Kamayenda pathupi mpaka kakapeza malo ofunda, onyowa ndi thukuta, a khungu lofewa, kapena pamene chovala chathina n'kukatsekera njira. Pamenepo kamamatirira masiku angapo kakuyamwa madzi a m'khungu, kenako n'kugwa kokha. Munthu samva kuwawa, samva kuyabwa. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa njira yonse yoyezera yagona pamenepa.

Bakiteriyayu akalowa amakakhala m'kati mwa maselo, makamaka maselo amene ayala m'kati mwa timitsempha ta magazi. Timitsemphato timatupa n'kuyamba kudontha. N'chifukwa chake matenda oyambira pa kachilonda kamodzi amatha kukafika kumapapo, kuubongo, kumtima ndi kuimpso nthawi imodzi. N'chifukwa chakenso amoxicillin, ceftriaxone ndi gentamicin samukhudza n'komwe.

Kwawo kwa matendawa ndi dera lalikulu loyambira ku Japan ndi kummawa kwa Russia, kutsika mpaka kumpoto kwa Australia, n'kulowera kumadzulo mpaka ku Pakistan ndi Afghanistan. Akatswiri amayerekeza kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni amakhala m'dera limeneli pa chiopsezo, ndipo pafupifupi 1 miliyoni amadwala chaka chilichonse. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwetsa asilikali ambiri ku Burma ndi ku New Guinea. Ku Nepal anabuka kwambiri chitachitika chivomerezi cha 2015. Malire akewo siokhwima monga tinkaphunzirira kale: odwala apezekapo pachilumba cha Chiloé ku Chile, mtundu wina wa Orientia unapezeka mwa munthu amene anautengera ku Dubai, ndipo ofufuza anapeza mtundu womwewo m'tizilombo ta ku Baringo ku Kenya.

Funsani za masabata atatu apitawo

Kuchokera tsiku lolumidwa kufika tsiku lotentha thupi pamatenga masiku 6 mpaka 21, kawirikawiri 10 mpaka 12. Choncho musafunse za dzulo ndi dzana. Funsani kumene munthuyo anali masabata atatu apitawo, ndipo funsani mwatchutchutchu. "Munapita kutchire?" ndi funso lopanda phindu, chifukwa aliyense amakana. Ine ndinaphunzira kufunsa motere kudzera mwa wotanthauzira: munamweta udzu wa ziweto? Munatola nkhuni? Munakhala pansi kumunda podya? Mumayanika zovala pamaudzu? Kudzithandiza mumapita patchire? Pafupi ndi nyumba pali milu ya nkhuni kapena zinyalala mmene mumabisala makoswe? Mlendo mufunseni ngati anakwera mapiri, kugona m'tenti kapena kuyenda m'minda ya tiyi. Ngakhale wokhala m'tauni musamuchotsere, ngati kuseri kwa nyumba kuli kathengo.

Nyengo nayo imathandiza. Ku Tamil Nadu odwala amachuluka m'miyezi ya mvula ndi yozizirirapo, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Januwale. Kumapiri a kumpoto kwa India, monga ku Himachal Pradesh, amachuluka kuyambira cha mu Julayi mvula yawo ikagwa. Ku Korea ndi matenda a Okutobala ndi Novembala, nthawi yokolola.

Funso limodzi lokha musalidalire: "Chinakulumani china chake?" Yankho limakhala ayi pafupifupi nthawi zonse, ndipo wodwalayo sakunama.

Vulani wodwala

Apa ndiye pali ntchito yonse. Kachilonda aka, kamene m'mabuku timati eschar, wodwala sadzakusonyezani chifukwa sakudziwa kuti ali nako. Sikapweteka, sikayabwa, ndipo kamakhala kumene munthu sadziona yekha. Mukapanda kukafuna simukapeza.

Konzani malo poyamba. Kokani makatani kapena tsekani chitseko, pezani kuwala kokwanira ndi tochi m'manja, valani magolovesi. Pakhale munthu wachitatu, makamaka namwino wamkazi ngati wodwala ndi mayi. Mufotokozereni wodwala chimene mukufuna: "Amayi, tikufuna kachilonda kakang'ono kamene kachilombo kanasiya. Sikapweteka, ndiye mwina simunakaone. Tikakapeza tidziwa mankhwala oyenera lero lomwe." Ndinaona kuti munthu akamva chifukwa chake, manyazi amachepa, ndipo ena amayamba okha kukuthandizani kufufuza. Musamuvule thupi lonse nthawi imodzi. Vundukulani mbali imodzi, yang'anani, fundani, pitani ina.

Ine ndimayambira kumutu n'kumatsika, m'ndondomeko imodzimodzi tsiku lililonse, kuti kutopa kusandidumphitse malo. M'tsitsi ndi m'mphepete mwa tsitsi. Kuseri kwa makutu, n'kupinda khutu kuti ndione bwino, ndi m'kati mwake momwe. Khosi lonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako m'khwapa, mkono utakwezedwa mpaka pamwamba, ndikupatula ubweya ndi zala. Pachifuwa, ndipo kwa amayi bere lililonse linyamulidwe, ndiyang'anenso pamene pamadutsa lamba wa bra. M'mchombo. M'chiuno mozungulira, pamene pamathina lamba, mphira ya kabudula wamkati kapena chingwe cha siketi yamkati. Amayi a ku Tamil Nadu amamanga chingwe chimenecho mothina kwambiri pansi pa sari, ndipo abambo amakulunga nsalu yawo ya lungi pamalo omwewo. Kwathu ndi pamene pamadutsa mfundo ya chitenje. Chingwecho chimasulidwe, musangochikankha ndi chala. Kenako m'mphechepeche mbali zonse, miyendo itatanyulidwa, kumaliseche ndi pansi pake. Mutembenuzeni wodwala: msana, pakati pa matako, kuseri kwa mawondo. Malizani ndi akakolo ndi pakati pa zala.

Zonsezi sizitha mphindi zisanu mukazolowera. Tsiku loyamba zimatenga khumi ndipo mumachita manyazi kuposa wodwalayo.

Kwa abambo ndimachedwa kwambiri kumunsi kwa mchombo, m'mphechepeche, kumaliseche ndi m'khwapa. Kwa amayi ndimachedwa pachifuwa, pansi pa mabere ndi pamimba. Ofufuza a ku Korea ndi a ku India anaona kusiyana komweku. Kwa ana yang'anani m'khwapa, m'mphechepeche, kumaliseche, m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Mwana wina wa zaka zitatu tinamupeza nako m'kati mwa khutu, titangoona kuti mwanabere wa kuseri kwa khutulo watupa.

Imeneyo ndiyo njira yachidule imene namwino uja anandisonyeza pambuyo pake: yambani ndi anabere. Papasani m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mukapeza mwanabere wotupa ndi wopweteka mbali imodzi, kachilonda kali pafupi, m'dera limene mwanabereyo amalandira. Wa m'khwapa lakumanzere akutumani ku mkono, chifuwa ndi msana wakumanzere. Wa m'mphechepeche akutumani ku mwendo, kumaliseche, matako ndi kumunsi kwa mimba. Mayi wodwala aja anali ndi mwanabere m'khwapa lakumanzere. Ndikanangolowetsa dzanja tsiku loyamba, akanandilondolera yekha.

Mmene kamaonekera

M'mabuku amajambula kachilonda kokhwima: kozungulira kapena kotalikirapo pang'ono, kukula kwake theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, nthawi zina kuposerapo, pakati pali nkhanambo yakuda yomatirira, m'mbali mofiira ndi motukuka pang'ono. Mukakakanikiza wodwala sagwedezeka. Kawirikawiri kamakhala kamodzi kokha.

Koma sikabadwa kotero. Kamayamba ngati kachiphuphu kofiira, kenako kathuza, kenako kamaphulika n'kusanduka kachilonda kosaya, ndipo nkhanambo yakuda imabwera pambuyo. Wodwala akabwera m'masiku oyambirira mutha kukapeza kasanade. Akabwera mochedwa, nkhanambo imakhala itagwa, patsala kachipsera koyererapo pakati, m'mbali moderapo.

Pali misampha iwiri imene inandigwirapo. Woyamba ndi wa malo onyowa. M'khwapa, m'mphechepeche ndi kumaliseche thukuta limafewetsa nkhanambo n'kuichotsa, ndiye simupeza chakuda chilichonse. Mumangopeza kachilonda kosaya, kooneka ngati kobooledwa bwinobwino, pansi pake potuwa kapena pachikasu. Kumaliseche munthu amafulumira kunena kuti ndi chindoko kapena matenda ena opatsirana pogonana, n'kuiwala kuti wodwalayo watentha thupi sabata yonse. Wachiwiri ndi wa khungu. Zithunzi zambiri za m'mabuku ndi za anthu a khungu loyera a ku Japan ndi ku Korea, kumene kufiira kwa m'mbali kumaonekera patali. Pakhungu lakuda ngati lathu, kapena la anthu ambiri a kummwera kwa India, kufiirako kumangooneka ngati kuderako pang'ono, ndipo nkhanambo imabisala mu mtundu wa khungu. Walitsani tochi chopendeketsa, osati molunjika, kuti kutukuka kwa m'mbali kupange kamthunzi. Gwiritsaninso chala: nkhanambo imamveka yokhakhala ngakhale diso lisanaione.

Mukakapeza kajambuleni, wodwala atavomera, muike rula kapena chala pambali kuti kukula kwake kudziwike. Lembani m'faelo malo enieni. Ndipo ngati mwafufuza osapeza, lembaninso kuti mwafufuza thupi lonse, kuti wobwera pambuyo panu adziwe. Bwerezani mawa lake. Ndapezapo pa tsiku lachiwiri chimene ndinadumpha pa loyamba.

Zina zimene thupi limanena

Kutentha thupi kumayamba mwadzidzidzi, kumakwera mpaka 39 kapena 40, ndipo kumakhalitsa. Mutu umapweteka kwambiri, thupi lonse kuphwanya, maso kufiira opanda manthongo. Ambiri amatsokomola chifuwa chouma, ena amasanza ndi kumva m'mimba kupota, mpaka kuganiziridwa za opaleshoni. Papasani chiwindi ndi kapamba, zimatha kukula. Anabere amatha kutupa thupi lonse matenda akapitirira. Werengani kugunda kwa mtima n'kuyerekeza ndi kutentha kwa thupi: mwa ena mtima umagunda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene kutenthako kukanafunira, ngakhale taifodi nayenso amachita zomwezo.

Zidzolo zimatuluka cha pa tsiku lachisanu kupita mtsogolo, kuyambira pachifuwa, pamimba ndi pamsana n'kumapita kumikono ndi kumiyendo, timadontho tosayabwa. Kunena zoona, pa odwala amene ndinawaona ku Tamil Nadu zidzolo ndinaziona mwa apo ndi apo. Sindizidikira.

Chizindikiro chimene ndimachikonda, chifukwa ambiri sachifunsa, ndi makutu. Munthu wotentha thupi sabata imodzi amene wayamba kugontha mwadzidzidzi kapena kumva kulira m'makutu, asanamwe kwinini, ndimamuganizira scrub typhus msanga. Nthawi zambiri ndi woyang'anira wodwala amene amanena: "Masiku ano tikamuitana sakuyankha." Kumvako kumabwerera mwa ambiri akachira. Mwa ana yang'anani kutupa kwa nkhope ndi mapazi, kumene kumabwera chifukwa cha kudontha kwa timitsempha kuja.

Ngati kachilonda palibe

Kakapezeka mwa munthu wotentha thupi wochokera kudera la matendawa, nkhani yatha, yambani mankhwala. Koma kusapezeka kwake sikuchotsa matendawa. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasiyana kwambiri pa nkhaniyi: kwina amakapeza mwa odwala osakwana mmodzi pa khumi, kwina mwa oposa 9 pa khumi, ndipo ziwerengero zapamwamba ndi za ku Korea ndi Japan. Mbali ina ya kusiyanako ndi khungu, mbali ina ndi mitundu ya bakiteriyayo, ndipo mbali ina, ndikuganiza ine, ndi madokotala onga ine tsiku lija.

Ndiye lamulo limene ndinkagwiritsa ntchito kumeneko ndi ili. Munthu watentha thupi masiku asanu kapena kuposerapo, malungo mulibe, dengue mulibe, palibe pena pooneka pamene kutenthako kukuchokera, ndipo anali m'dera la matendawa m'masabata atatu apitawo: ameneyo ndi wa doxycycline, kachilonda kaoneke kasaoneke. Ngati wamwa kale amoxicillin kapena walandira ceftriaxone masiku awiri atatu osasintha, kukayikira kwanga kumakulirakulira.

Zofanana nazo

Malungo yezani nthawi zonse, ndipo kumbukirani kuti munthu atha kukhala ndi zonse ziwiri. Akalandira LA koma kutentha osatsika, bwererani kukhungu. Dengue kawirikawiri imatsika isanathe sabata ndipo imagwetsa maselo oyera a magazi, pamene scrub typhus imadutsa sabata, maselo oyera ali bwinobwino kapena atakwera. Leptospirosis, matenda otengera m'madzi oipitsidwa ndi mkodzo wa makoswe ndi ziweto, imabwera nyengo yomweyo ya mvula ndi maso ofiira omwewo, koma akatumba a kumiyendo amapweteka kwambiri mukawafinya. Mwayi wake doxycycline amagwira pa leptospirosis ndi pa scrub typhus pomwe.

Ife ophunzitsidwa kummwera kwa Africa tili ndi zilonda zathu zitatu zoti tisiyanitse. Choyamba ndi cha nkhupakupa, chimene chimabwera ndi Rickettsia africae. Nkhanambo yake ndi yofanana ndithu, koma nthawi zambiri tizilonda timakhala tingapo, makamaka m'miyendo ndi m'mphechepeche, mwa munthu amene anayenda kutchire la ng'ombe kapena la nyama zakuthengo. Matendawo ndi opepukirapo ndipo mankhwala ndi omwewo, choncho kusokoneza ziwirizi sikupha munthu. Chachiwiri ndi anthrax wa pakhungu. Nayenso sapweteka ndipo ali ndi nkhanambo yakuda, koma amakula kuposa apa, amazunguliridwa ndi kutupa kwakukulu ndi timatuza, ndipo amakonda manja, mikono ndi nkhope ya munthu amene anasenda kapena kugwira nyama yofa yokha. Chachitatu ndi chilonda cha kaodzera pamene kashembe waluma, chimene anzathu a ku Rumphi ndi ku Nkhotakota amachidziwa: chachikulu, chotupa, chotentha ndi chopweteka. Chimenecho si cha doxycycline. Funani tizilombo m'magazi tsiku lomwelo.

Labu ibwera mochedwa

Tumizani magazi, koma musakhale pansi kudikira. Zimene zimabwera msanga n'kukulimbitsani mtima ndi izi: ma platelet (maselo othandiza magazi kuundana) otsika, AST ndi ALT (zoyezera chiwindi) zokwera pang'ono, albumin wotsika, nthawi zina sodium wotsika ndi creatinine (woyezera impso) wokwera. Kutentha thupi, ma platelet otsika ndi chiwindi chokhudzidwa zikakumana mwa mlimi wa ku Asia, ine ndimanunkhiza kale matendawa.

IgM ELISA, njira yoyezera asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi bakiteriyayu, imene zipatala zambiri za ku India zimagwiritsa ntchito, imayamba kuonetsa kumapeto kwa sabata yoyamba. Mukayeza pa tsiku lachitatu n'kupeza mulibe, simunaphunzire kanthu. Njira ina yoyezera magazi, Weil-Felix ya OXK, ndi yotchipa ndi yakalekale, koma imaphonya odwala ambiri. PCR, imene imafufuza bakiteriya mwiniwakeyo, ndiyo imagwira m'sabata yoyamba, ndipo nkhanambo yeniyeniyo, kapena thonje lopukutira pansi pake, imapereka yankho labwino ngakhale wodwala atayamba kale mankhwala. Choncho nkhanambo ikagwa musaitaye ngati muli ndi kotumiza. Botolo wamba la blood culture silimera kanthu, chifukwa bakiteriyayu samera kunja kwa maselo.

Yambani mankhwala lero

Kwa wamkulu, doxycycline 100 mg kawiri pa tsiku kwa masiku 7. Amwere madzi ambiri, asagone pansi atangomwa, ndipo asamwere limodzi ndi mkaka, mankhwala a chilungulira kapena mapiritsi a ayironi. Mwana wosakwana makilogalamu 45 alandire 2.2 mg pa kilogalamu iliyonse kawiri pa tsiku. Mantha akale akuti doxycycline amadetsa mano a ana asakuletseni, chifukwa kumwa kwa masiku ochepa chonchi sikuchita zimenezo. Mayi woyembekezera mpatseni azithromycin 500 mg kamodzi pa tsiku kwa masiku 5, ndipo musachedwe naye, chifukwa matendawa amachotsa mimba ndi kubadwitsa ana masiku asanakwane. Chloramphenicol amagwira ngati palibe china. Rifampicin amagwiranso, koma kudziko kumene TB ili ponseponse sindingamuseweretse yekha. Ciprofloxacin musamudalire.

Chokoma cha matendawa n'chakuti amamvera msanga. Mwa ambiri kutentha kumatsika pasanathe maola 48, ndipo kutsikako kumakutsimikizirani kuti munalondola. Akadutsa masiku atatu akadali wotentha, yambiraninso kuganiza: mwina si matendawa, mwina pali ena pambali, mwina mankhwala sakulowa chifukwa cha kusanza.

Kuchedwa ndiko kumapha. Kafukufuku wosonkhanitsa malipoti ambiri anapeza kuti osalandira mankhwala amafa pafupifupi 6 pa 100, ndipo m'madera ena kuposa pamenepo kutalitali, pamene olandira mankhwala amafa pakati pa mmodzi ndi awiri pa 100. Zoopsa zimabwera m'sabata yachiwiri. Werengani kapumidwe nthawi iliyonse mukadutsa pabedi, chifukwa mapapo ndiwo amayamba kugonja mwa ambiri. Kupuma mofulumira, mpweya kutsika, kusokonezeka mutu, kuuma khosi, kukomoka, mkodzo kuchepa, chikasu, BP kutsika, mtima kugunda mosalongosoka: chilichonse mwa izi chikutanthauza kuti wodwalayo agonekedwe pafupi ndi oxygen ndi maso a namwino. Kumpoto kwa India, kudera la Gorakhpur, ana ambiri amene ankabwera ndi matenda otupitsa ubongo anapezeka kuti gwero lake linali scrub typhus. Choncho mwana wa kumeneko wotentha thupi ndi kukomoka, ceftriaxone yekha samukwanira.

Kwa odwala kwambiri, kafukufuku wotchedwa INTREST, amene anatsogoleredwa ndi George Varghese wa ku Christian Medical College ku Vellore, ku Tamil Nadu komweko, n'kusindikizidwa mu 2023, anayerekeza njira zitatu za mankhwala a m'mitsempha mwa odwala 794. Mwa olandira doxycycline ndi azithromycin pamodzi, 33 pa 100 ndiwo anamwalira, kapena kukhalabe ndi zovuta, kapena kupitiriza kutentha. Mwa olandira doxycycline yekha anali 47, mwa a azithromycin yekha 48. Chiwerengero cha omwalira pachokha sichinasiyane kwenikweni m'magulu atatuwo, koma kuchira msanga kwa ziwalo n'kokwanira kuti ine ndipereke onse awiri kwa munthu amene mapapo kapena impso zayamba kufooka. Samalani ndi madiripi. Timitsempha todontha timathira madziwo m'mapapo.

Mayi aja anabweranso patatha masabata atatu, ali ndi amuna awo. Pansi pa bere panatsala kachipsera koyera ngati njere ya mpunga. Bamboyo anafuna kudziwa ngati iwo ndi ana angatengere kwa mayiwo. Ndinawauza kuti matendawa sachoka kwa munthu kupita kwa munthu, koma tchire limene linaluma mayiwo likhoza kuluma aliyense wa pakhomopo, ngakhale mayiwo kachiwiri, popeza katemera kulibe ndipo kudwala kamodzi sikuteteza kwa nthawi yaitali. Ndinatchula zonse za m'buku: kulambula kuzungulira nyumba, kuchotsa milu mobisala makoswe, kuvala zofika m'mapazi, kudzola mankhwala othamangitsa tizilombo, kusakhala pansi pamaudzu, kusamba ndi kuchapa zovala pochoka kumunda. Wotanthauzira atamaliza, mayiwo anaseka n'kuyankha mwachidule. Ndinafunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti ng'ombe zawo ziwiri sizidya malangizo, mawa m'mawa apita kukamweta udzu. Koma akuti wina akadzatentha thupi pakhomopo, adzamuvula okha asanabwere naye kuno."